Sipageti ya Pansi pa Bedi

Nkhani iyi ndinalumbira kuti sindidzauza munthu. Koma popeza theka la komboni yathu ya Nangongwe linaionera pampanda, ndipo theka linalo likuifotokoza mokhotetsa, bola ndidzichititse manyazi ndi pakamwa panga pomwe. Uja munamva kuti anamugwira ndi tsitsi la chiwanda m'beseni, ndine. Dzina langa ndine Lackson.

Mkazi wanga Esnart anamupeza ndi matenda a shuga mwana wathu Taonga atangoyamba kukwawa. Tsiku limenelo tikuchokera ku kiliniki, tili m'minibasi, anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Bashi Taonga, nilonjezeni chinthu chimozi. Amai basazibe."

"Chifukwa?"

"Muziba mwamene banayendela adadi."

Ndinkadziwa. Bambo ake anagwira ntchito kunjanji moyo wawo wonse, ndipo anapita ndi shuga yomweyo atayamba adulidwa mwendo. Kuyambira pamenepo apongozi anga akangomva dzina la matendawa BP imakwera, mpaka tsiku lina anagwa pamaliro a munthu amene sankamudziwa n'komwe. Ndinalonjeza, dzanja lili pamtima.

Anesi anatipatsa malamulo. Nshima ikhale yochepa ngati chibakera, masamba achuluke, buledi, mpunga ndi sipageti achepetse kwambiri. Esnart anavomera zonse ngati msilikali. Koma pa sipageti ndinaona mlomo ukunjenjemera.

Muyenera kumvetsa. Nthawi imene ndinkamufunsira ndinkakhala m'kachipinda kamodzi, masana kuntchito, madzulo ku night school. Chakudya chokhacho chimene ndinkadziwa kuphika chinali sipageti ya tomato ndi ma soya. Iye amati anandikwatira chifukwa cha mbale imeneyo. Ndiye tsiku lina ndinamupeza m'shopu atanyamula paketi ya sipageti, akuiyang'ana ngati chithunzi cha m'bale amene anapita ku Joni. Kenako anaibwezera pashelefu pang'onopang'ono. Sanandione. Ine mtima unandiwawa mpaka kunyumba.

Ndinadziuza kuti mwamuna amene anakhoza sayansi atakula kale sangagonje kwa ufa wa tirigu.

Ndinayamba ndi kabichi. Ndinaidula mizere italiitali, yopyapyala, n'kuthira supu pamwamba. Esnart analawa.

"Bashi Taonga, kabichi olo muidule bwanji, ni kabichi."

Ndinayesa ma baby marrow, maungu obiriwira aang'onoang'ono aja, kuwasenda ndi kopalira mbatata. M'poto analowa ngati zingwe, anatuluka ngati phala lobiriwira. Esnart anaika foloko pansi.

"Ma experiment yasile apa. Ndine mukazi wanu, sindine practical ya Grade Twelve."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo.

Ndimagwira ntchito mu warehouse ku Lusaka, ndipo pafupi pali kashopu ka zakudya za ku China. Pafoni ndinawerenga kuti kuli ma noodles opangidwa kuchokera ku muzu wina wake wonga chilazi, amene sakweza shuga. Ndinafunsa anesi, anati palibe vuto bola kuyamba pang'ono. Ndinagula paketi imodzi. Inali yodzaza madzi, tinthu toyera tikusambira mkati, kunja kuli zilembo zofiira zimene sindikanawerenga ngakhale chimodzi. Nzeru yanga inali yoti ndimuphikire mwakachetechete, alawe kaye, ndiulule pambuyo.

Sabata yomweyo apongozi anatulukira kuchokera ku Shimabala, osachenjeza, nkhuku kukhwapa, mtolo wa masamba a chibwabwa pamutu. Anamva kuti mwana wawo watha thupi.

Apongozi anga ndi a kum'mawa enieni, a mwambo wosasungunula. Sitikhala pampando umodzi, sitiyang'anana m'maso. Akafuna kundiuza kanthu amadzera mwa mwana: "Taonga, uwauze atate ako kuti madzi osamba atentha." Taonga mwiniyo mawu amene ankadziwa ndi "tata" basi. Atangofika, khitchini inakhala yawo, ine kulowamo ayi. Chipinda chogona chinakhala changa, iwo kupondamo ayi.

Ndiye zonse zachinsinsi zinasamukira kuchipinda. M'mawa uliwonse tinkayeza shuga. Esnart amaopa singano, choncho wobaya chala ndinali ine. Iye amatembenuzira nkhope kukhoma, ine n'kufinya kadontho ka magazi pa kapepala koyezera, n'kumunong'oneza zimene makina anena. Chitseko chathu sichitsekeka bwino. Izi ndinazikumbukira mochedwa.

Loweruka Esnart anali ndi review, tsiku lokamuonanso ku kiliniki. Kwa amayi ake ananama kuti akukaluka munthu tsitsi kudera la Estates. Makina oyezera anawaika m'chikwama, foni anaisiya pawindo itafa chifukwa magetsi anali atapita kuyambira dzulo lake.

Ndinati mpata ndi umenewu. Nditsuke zinthu zanga kuchipinda, apongozi akapita kukagula makala ndithamangire pambaula.

Ndinatsegula paketi ndi mano.

Amayi inu! Fungo lake! Ngati nsomba za mumtsinje wa Kafue zimene zaiwalidwa m'saka padzuwa. Ndinakhuthulira m'beseni msangamsanga. Zinthuzo zinali zoyera mbuu, zoterera, ndipo choipa kwambiri, zinali zomangidwa timfundotimfundo, kamtolo kalikonse ndi mfundo yake pakati. Pafoni anati fungo limatha ukatsuka ndi madzi ambiri. Madzi a m'jagi anatha fungo lidakalipo. Ndinakankhira beseni pansi pa bedi, n'kutenga ndowa kupita pampopi panja.

Mpopi tsiku limenelo unkadontha ngati ukulipiritsa. Ndowa isanafike pakati ndinamva kukuwa.

"Mayo ine! Taya! Taya, mwana iwe!"

Ndinathamanga. Taonga anali atakhala pakhomo la chipinda, akuseka, kamtolo koyera kali m'dzanja, zingwe zikulendewera mpaka pachigongono. Apongozi anamumenya padzanja, kamtolo kanagwa n'kudumpha pasimenti ngati kamoyo. Anamunyamula, kumutsuka manja ndi mchere, kumuponya kumsana n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Ine sanandiyang'ane. Anapita pampanda.

"Amai a Mulenga! Bwerani kuno! Bwerani ndi mafuta odzozera!"

Ba Deaconess Mulenga ndi aneba athu, komanso ndi amene amatsogolera ma intercessor, gulu la opempherera anthu, kutchalitchi kwathu, kumene ine ndine usher. Anafika ndi amayi ena awiri, ufa udakali m'manja. Popeza apongozi sangalowe kuchipinda, analowa ndi Ba Deaconess. Ndinamva bedi likukokedwa. Kenako beseni linatuluka likukankhidwa ndi tsache, mpaka pakati pa bwalo.

Sanatuluke ndi beseni lokha. Anapezanso paketi ya zilembo zofiira ija, ndiponso botolo limene timaponyamo singano zogwiritsa kale ntchito ndi timapepala ta magazi, kuti mwana asatole.

Anaziyala pansi mondondozana. Ine mwini nditaziyang'ana ndinayamba kudzikayikira.

"Brother Lackson," anatero Ba Deaconess, mawu ali pansi. "Nichani ichi?"

"Ni sipageti."

"Sipageti?"

"Ya... ya mutundu wina."

Mmodzi wa amayi aja anawerama, ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Inunkha mumana! Ichi chachoka pansi pa manzi!"

"Sipageti ya kuti yamene ibwela yomanga mfundo?" anafunsa Ba Deaconess. Anatola paketi ndi zala ziwiri. "Imwe munaphunzila, ndimwe mubelenga ma announcement mu chizungu. Tibelengeleni apa."

Ndinaitembenuza paketi. Ndinaitembenuzanso. Panalibe ngakhale chilembo chimodzi chondichitira chifundo.

"Ni Chichaina," ndinatero.

"Mwaziba bwanji ngati simungabelenge?"

Apa ndiyenera kuvomera chinthu. Mwezi womwewo, pa cell meeting, mapemphero athu a m'nyumba, ine ndemwe ndinaphunzitsa za ma marine spirit, ziwanda za m'madzi. Ndinaonera kavidiyo pafoni, n'kubwera nazo ngati ndazifufuza zaka. Ba Deaconess saiwala.

"Simunakambe imwe mweka? Ati vizindikilo ni vitatu. Fungo ya nsomba mu nyumba yamene mulibe nsomba. Vinthu vomanga mfundo. Na katundu wobwela mwadzidzidzi."

Maso onse anatembenukira kukhitchini, kumene kunaima firiji imene ndinagula yogwiritsa kale ntchito kuti masamba a Esnart asamafote.

Apongozi anali chiimire pafupi ndi waya woyanikira zovala, akundipatsa msana. Analankhula ndi mwana amene anali kumbuyo kwawo.

"Taonga, uwafunse atate ako. Magazi a mwana wanga akupita nawo kuti? Ndakhala ndikuona m'mawa uliwonse. Amubaya, iye akuyang'ana kukhoma, iwo n'kumanong'ona. Mwana wanga anachoka m'manja mwanga ali ndi thupi. Lero siketi akumanga ndi pini."

Mawu awo sanali aukali. Anali a mantha. Pamenepo m'pamene ndinasiya kuona kuti nkhaniyi ndi yoseketsa.

Mawu amodzi okha akanathetsa zonse. Anali pa lilime penipeni. Koma ndinayang'ana mitsempha ya m'khosi mwa apongozi ikugunda, ndinakumbukira zikhadabo za Esnart m'minibasi muja. Ndikanena, ndaphwanya lonjezo, mwinanso ndagwetsa mayi wa eni pabwalo panga. Ndikapanda kunena, ndine wa satana.

"Taonga," ndinayankha, nditagwada, "uwauze ambuye ako kuti tidikire amako. Adzafotokoza okha."

"Mwamva?" anatero Ba Deaconess. "Sangakambe. Banamumanga pakamwa. Ndiye covenant yamene ija."

"Si covenant! Ni lonjezo chabe!"

"Lonjezo kuli ndani?"

Amayi aja anayang'anana n'kuyamba kuvula nsapato.

Apongozi sanadikire mapemphero. Anayamba kuchotsa zovala pawaya, za Esnart ndi za mwana, zina zisanaume, akuzipanikiza m'chikwama chawo chachikulu. Matewera, kabulangete, botolo la phala. Malaya anga anawasiya akulendewera okha.

"Taonga, uwauze atate ako kuti tikupita ku Shimabala. Amako ndikawapeza ku Estates, nyumba ndi nyumba. Muno sabwereranso. A kwawo kwa atate ako akabwere tikakambe."

Ananyamula chikwama kulunjika pageti. Taonga anatembenuza mutu kumsana kuja, anandiona, anatambasula kadzanja. "Tata!"

Ndinayenda ndi mawondo mpaka kutsekereza njira. Mwambo wonse ndinauiwala, ndinawayang'ana m'maso koyamba chikwatirire.

"Amai, ndi chakudya. Ndikulumbira. Ndidya muone!"

Anaima. Ba Deaconess anapinda manja.

"Dyani kansi. Vonse."

Anandisunthira beseni ndi tsache lomwe lija. Pampanda panali patadzaza mitu. Ena anakwera pamilu ya njerwa za aneba. Ndinaona mafoni awiri atakwezedwa m'mwamba, ndipo ndinadabwa kuti anthu amenewa amatchaja kuti.

Ndinatola kamtolo koyamba. Kozizira, kosaphika, kosatsuka bwino, kopanda ngakhale mchere. Ndinaika m'kamwa n'kuyesa kumwetulira.

Abale anga, munatafunapo malegeni? Mano amalowa, chinthu n'kubwerera mmene chinalili. Ndinatafuna, ndinatafuna, chikungolira kwiki kwiki m'kamwa. Ndinameza chathunthu.

"Mmm," ndinatero. "Yabwino maningi."

Misozi inali ikutsika.

"Onani, chilila," ananong'ona mayi wina. Sanati ndikulira. Anati chilila.

Kachiwiri. Kachitatu. Ndinkadya ndikuyang'ana mapazi a apongozi, kuona ngati abwerera kuchoka pageti. Sanasunthe. Nditafika pakati pa beseni, mimba inayamba kuyankha. Inalira kulira kwakutali, kokhala ndi mavesi, kumene kunamveka mpaka kumpanda.

"Chayamba kukamba!" anakuwa Ba Deaconess. "Ndiwe ndani? Unangena liti muli uyu mwana wa Mulungu?"

"Ba Deaconess, ni mimba chabe..."

"Chikuti chili mu mimba! Fire!"

Anandizungulira. Mafuta pachipumi, mafuta m'makutu, dzanja lina pamutu, lina pamsana likundimenya ngati ng'oma. Kamtolo kamene kanali pakhosi kanasokonezeka njira. Ndinatsokomola, ndinatsamwa, chingwe choyera n'kutulukira pakamwa, kulendewera mpaka pachifuwa.

"Chichoka! Chichoka! Donsani!"

Mayi wina anakulunga dzanja m'chitenje n'kuyamba kukoka. Chingwe chinkangobwera. Kumpanda anthu anayamba kuimba korasi. Wina anaombera m'manja. Ine ndili chogwada m'fumbi, maso ofiira, mafuta akutsikira m'mphuno, ndikuyesa kunena kuti "dikirani" koma pakamwa pali potanganidwa.

Geti linalira.

Esnart anaima pamenepo, chikwama paphewa, kathonje koyera kali pamkono pamene anamutenga magazi. Anayang'ana ine. Anayang'ana beseni, botolo la singano, amayi ake ndi chikwama chodzaza zovala zonyowa. Korasi inafa yokha.

"Nichani chichitika pa nyumba panga?"

"Mwana wanga, tiye," anatero apongozi, akumugwira mkono. Kenako anaona kathonje kaja. "Mayo! Ndi pamkono pomwe ayamba?"

Esnart anandiyang'ananso. Ndinangopukusa mutu pang'ono, kumuuza kuti sindinaulule. Chingwe chinapukusika nane.

Esnart anatseka maso, anapuma mozama. Kenako anatsegula chikwama chake, anatulutsa makina oyezera, n'kuwaika m'manja mwa amayi ake.

"Amai, khalani pansi poyamba."

"Sindikhala."

"Khalani, napapata." Anawakhazika pa mpando wa pakhonde, iye n'kugwada patsogolo pawo atawagwira mawondo. "Nili na shuga. Banaipeza kudala. Nimwa mankhwala, niyenda ku kiliniki, lelo banena ati yaseluka bwino. Aba banibaya chala chifukwa ine niyopa nsingano. Ndine ninabaletsa kukuuzani."

Ndinkayang'ana khosi la apongozi, ndikuwerengera m'mutu kuti taxi yapafupi ili kuti. Anagwira makina aja nthawi yaitali. Anawatembenuza. Milomo inkayenda popanda mawu.

"Ya atate ako," anatero potsiriza.

"Ee. Koma adadi banaziba mochedwa. Ine naziba musanga."

Apongozi analira, koma sanagwe. Anamukoka Esnart n'kumupanikiza pachifuwa, Taonga akusuzumira paphewa. Kenako anamukankha pang'ono n'kumumenya kambama kopepuka paphewa.

"Chitsiru iwe. Ine ndinasamala wodwala shuga zaka zonse zija, lero undibisire ine? Ndinatsala pang'ono kupasula banja!"

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anatembenuzira mutu kumsana.

"Taonga, uwauze atate ako adzuke m'fumbimo. Uwauzenso kuti... asunga bwino mwana wanga."

Kunena zoona, pamenepo ndinamva ngati ndalandira satifiketi ina. Ndinadzuka, ndinachotsa chingwe pachibwano, ndinakonza kolala. Ba Deaconess anali akutseka kabotolo ka mafuta, akuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Kumpanda mitu inayamba kuchepa.

Esnart anapita pa beseni. Anawerama.

"Nanga ivi ni vichani?"

"Ni sipageti yako, mami," ndinatero monyadira. "Siikweza shuga olo pang'ono. Nenze kufuna nikuchitile surprise."

Anatola kamtolo kamodzi. Anakayang'ana mfundo yake. Anakakoka, kanatamuka, kanabwerera. Anakafikitsa pamphuno, nkhope yonse n'kukwinyika ngati walawa ndimu.

"Ichi ndiye mwenze kufuna kunidyesa?"

"Ukachiphika bwino na tomato..."

"Ine? Mukazi wanu wa pa ringi?"

Anakagwetsera m'beseni, anapukuta zala pa malaya anga, n'kutembenukira kwa aneba amene anali atafika kale pageti.

"Ba Deaconess, bwelani. Pitilizani mapemphelo. Chiwanda chikalimo!"

Chimene sungaphike apongozi akuona, m'bale wanga, chisiye m'shopu momwemo.